Chitseko chimene chinadzikhoma mwana ali m'kati: lipoti la galimoto imodzi

Lipotili ndalembera amisiri anzanga a magetsi a galimoto, makamaka anyamata amene angoyamba kumene ntchito, ngakhale kuti mbali ina ya nkhaniyi ikundiloza chala ine ndemwe. Galimoto imene ndikunenayi inadutsa m'manja mwanga kawiri. Ulendo woyamba ndinakonza chinthu chimene chinalidi chowonongeka koma sichinali gwero la vuto. Patangopita milungu isanu ndi iwiri, mwana wa miyezi 14 anatsekeredwa m'galimotomo dzuwa likuswa mtengo, mwezi wa Okutobala. Mwanayo ali bwino. Mayi ake anandilola kulemba nkhaniyi. Sinditchula dzina lawo, ndipo sinditchula mtundu wa galimotoyo chifukwa matendawa sasankha kampani: galimoto iliyonse ya mawindo a magetsi ikakalamba imafika pamenepa.

Galimoto ndi mwini wake

Inali galimoto yaing'ono ya zitseko zisanu, yopangidwa mu 2007, imodzi mwa zija zimachokera ku Japan n'kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Inali itayenda makilomita oposa 190,000. Kiyi wake anali wamba, wopisa m'chiwongolero, wokhala ndi batani la rimoti. Mwini wake ndi mayi wa ana atatu, mphunzitsi wa mumzinda wa Lilongwe, amene akaweruka amaperekera makeke m'magolosale. Ntchito yachiwiriyi ndi yofunika pa nkhani yathu, chifukwa chitseko cha dalaivala chinkatsegulidwa ndi kutsekedwa mwina ka 30 pa tsiku.

Tonse tikudziwa kuti waya aliyense wopita kuchitseko amadutsa malo amodzi okha, m'kachubu ka labala kopindikapindika kamene kali pakati pa chitseko ndi mzati wa galimoto, pafupi ndi mahinjesi. Chimene timaiwala n'chakuti pamenepa, pamodzi ndi pachitseko chakumbuyo chonyamulira katundu, ndi pomwe mawaya amapindidwa tsiku ndi tsiku. Chitseko chotsegulidwa ka 10 kokha pa tsiku, pa zaka 15 chimakhala chapinda mawayawo kopitirira ka 54,000. Pulasitiki yokuta waya imauma ndi kutentha kwa kuno, imang'aluka, ndipo timawaya ta mkuwa ta m'kati timaduka kamodzikamodzi. Chitseko cha dalaivala ndicho chimayamba, ndiponso ndicho chanyamula zambiri. Pa magalimoto ambiri a ku Japan a zaka zimenezo, moto wa mawindo onse anayi umadzera pa swichi yaikulu ya pachitseko chimenechi. Maloko, galasi loonera kumbuyo ndi sipika nazonso zimadalira mtolo womwewo.

Chizindikiro choyamba chinaoneka mu Febuluwale, mvula ili pachimake. Windo ya dalaivala inkati lero yakwera, mawa zii. Tsiku lina mawindo onse anayi anafa, imodzi itatsika theka, kunja kukugwa mvula. Mayiwo anaima pamalo ena okonzera magalimoto m'mbali mwa msewu. Wokonzayo anagwira ntchito kwa theka la ola, mawindo n'kuyamba kuyenda, ndipo anawauza kuti fyuzi inali yaing'ono, waikamo yamphamvu. Zina zimene anachita sanazitchule, ndipo mayiwo analibe chifukwa chofunsira.

Ulendo woyamba kwa ine

Anabwera kugalaja kwanga mu Ogasiti ndi madandaulo atatu. Windo inali itayambiranso kunyanyala. Maloko ankadzikhoma okha, khatcha, galimoto ikadumpha bampu. Ndipo kamodzi anamva kafungo ka pulasitiki yopsa kamene kanatha kokha.

Nditangomva za fungolo maganizo anga anathamangira ku swichi yaikulu, ndipo chifukwa chake chinalipo. Mu Okutobala 2012 kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto okwana 7.43 miliyoni padziko lonse kuti akakonzedwe, kuphatikizapo Vitz, Corolla ndi RAV4, chifukwa girisi wa m'swichi ya mawindo sanapakidwe mofanana. Swichi inkayamba kumata, ndipo munthu akaipopera mafuta wamba inkatha kusungunuka ngakhale kuyaka. Mu 2015 inaitanitsanso ena 6.5 miliyoni pa nkhani ya swichi yomweyo. Nayo Honda mu Januwale 2010 inaitanitsa magalimoto 646,000 a Fit, Jazz ndi City chifukwa madzi ankalowa m'swichi n'kuyambitsa shoti, ndipo izi zinachitika mwana wa zaka ziwiri atafera m'galimoto imene inayaka ku Cape Town mu 2009. Magalimoto a mitundu imeneyi ndi amene adzaza misewu yathu, ndipo ambiri anafika kuno atagulitsidwa kangapo, mwini wake watsopano osadziwa ngati anakonzedwa. Choncho mmisiri aliyense akamva fungo pachitseko ayenera kuyang'ana swichi, ndipo mpaka lero ndimatero. Makampaniwa ali ndi masamba a pa intaneti a ku Japan pomwe umalemba nambala ya chassis n'kuona ngati galimoto inaitanitsidwapo.

Nditachotsa swichiyo ndinaipeza ili noninoni ndi mafuta opopera, fumbi litamatirira, ndipo pulasitiki ya pambali pa batani limodzi inali itachita bulauni. Mtima unakhala pansi, ndinati wakuba ndamugwira. Ndinaika ina yabwino yochotsa pa galimoto ina, ndinayesa mawindo onse kangapo, ndinayesa maloko, zonse zinayenda.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinalakwitsa tsiku limenelo, ndipo ndikufuna anzanga muzione bwino chifukwa n'zosavuta kuzichita. Choyamba, ndinayesa zonse chitseko chili chotsegula kwathunthu, ine nditaima pakati pa chitseko ndi mpando, monga timachitira tonse. Chitseko sindinachisunthe ngakhale kamodzi windo ikuyenda. Mawaya anali atagona mbali imodzi nthawi yonse imene ndinkayesa, ndipo mbali imeneyo ankagunda. Chachiwiri chimandiwawa kwambiri. Pondifotokozera vuto mayiwo ananena kuti, "Bambo, ikakana ndimangotsegula chitseko pang'ono, kenako imakwera." Ndinawayankha kuti, "Ndi swichi imeneyo mayi, kugwedezekako kumaithandiza kugunda." Iwo anali atandipatsa yankho lonse m'manja. Windo imene imasintha khalidwe chitseko chikasuntha ikukuuza kuti vuto lili pamene pamapindika. Koma mutu wanga unali utadzaza kale ndi swichi, ndipo mawu awo ndinawakhotetsa kuti agwirizane ndi zimene ndinkafuna kupeza. Bokosi la mafyuzi sindinalitsegule n'komwe, ngakhale anali atandiuza za fyuzi yamphamvu ija.

Loweruka lija

Zimene zinachitika ndazilemba monga anandifotokozera eni ake. Anatuluka m'sitolo masana, n'kuika mwana pampando wakumbuyo, kumumanga lamba, n'kutseka chitseko. Anatsegula chitseko cha dalaivala, n'kuponya chikwama pampando, kiyi ndi foni zili momwemo, ndipo anachikankha kuti chitsekeke pamene ankapita kukanyamula thumba la ufa limene linatsala panja. Chitseko chitangoti gwa, maloko onse anati khatcha. Mawindo onse anali otseka. Kiyi wina anali kunyumba, kutsidya lina la mzinda.

Mlonda wa pamalopo ndi anthu ena anayamba kupisa waya pamwamba pa chitseko kuti akole kabatani ka loko. Anthu anachuluka, aliyense ndi nzeru yake, wina akuti tiitane wodula makiyi, wina akuti galasi ndi lodula musaswe. Mayiwo akuti mwana poyamba ankaseka poona anthu pawindo, kenako anayamba kulira, thukuta lili kamukamu, kenako kulira kunayamba kuchepa. Apa m'pamene dalaivala wina wa takisi anatenga sipanala yomasulira matayala n'kuswa galasi la chitseko cha kutsogolo, mbali ya kutali ndi mwana. Mayiwo akuganiza kuti zonsezi zinatenga mphindi ngati 15. Anathamanga naye kuchipatala, anamuziziritsa, anamupatsa madzi, ndipo anatuluka tsiku lomwelo.

M'galimoto yotseka ili padzuwa, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 11 m'mphindi 10 zoyambirira zokha, ndipo thupi la mwana wamng'ono limatentha mofulumira katatu mpaka kasanu kuposa la wamkulu. Mwezi wa Okutobala ku Lilongwe kunja kumakhala kutadutsa kale madigiri 30. Dalaivala wa takisi uja anachita bwino, ndipo akanachita msanga kwambiri pakanapanda mkangano wa mtengo wa galasi. Ife amisiri anthu amatiimbira foni pa nthawi ngati imeneyi. Yankho lathu likhale limodzi: ngati muli mwana, iswani galasi la pachitseko lakutali naye, mumenye pakona, musadikire ine. Pa magalimoto ambiri galasi la pachitseko limaphwanyika kukhala timiyala ting'onoting'ono, pomwe lalikulu lakutsogolo lija lili ndi pulasitiki pakati, limangong'aluka osagwa, choncho musatayirepo nthawi.

Lolemba m'mawa galimoto inafika kugalaja, pawindo atamatapo pepala la pulasitiki. Mayiwo sanakalipe. Anangoti, "Bambo, munati mwakonza." Ndinalibe choyankha china koma kupepesa ndi kuwapempha kuti andisiyire galimoto masiku awiri.

Zimene ndinapeza

Ulendo uno ndinayambira pa mawu awo aja. Ndinakhazika mnyamata wanga pampando kuti agwire batani la windo, ine n'kumayendetsa chitseko pang'onopang'ono. Chitafika pafupifupi theka, mota ya windo inaima. Nditachibweza, inayambanso. Nditachifikitsa pafupi n'kutsekeka, maloko anati khatcha. Tinabwereza kasanu, ndipo kasanu konse zinachitika chimodzimodzi. Kenako ndinasiya chitseko chili phee n'kufinya kachubu ka labala ndi dzanja. Maloko anakhomanso. Mayeso onsewa sanatenge mphindi zitatu, ndipo sanafune chida chilichonse.

M'bokosi la mafyuzi, pachivundikiro panalembedwa 20A, mlingo wa moto umene fyuzi imalola, pamalo a mawindo. Ndinapezamo ya 30A, ndipo nayonso inali itapsa kale, wina n'kuikulunga ndi timawaya ta mkuwa kuchokera mwendo wina kufika mwendo wina. Nditawafunsa, mayiwo anakumbukira kuti m'bale wawo wina anawathandiza mu Juni mawindo atafanso. Ndiye kuti kuyambira Juni mzere wa magetsi a mawindowu unalibe chitetezo chilichonse. Ndimabwereza izi kwa anyamata anga mpaka amatopa nane: ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya, ndipo kukula kwake anakuyeza potengera kunenepa kwa wayayo. Kutentha kwa waya kumakwera mofulumira kuposa moto wodutsamo. Moto ukawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Kuchoka pa 20A kufika pa 30A n'kulola waya kutentha kopitirira kawiri fyuzi isanaduke. Ukakulunga ndi mkuwa, chimene chidzaduke ndi waya wa m'galimoto, ndipo asanaduke amayamba wayatsa zomuzungulira.

Apa pali msampha wina umene wagwira amisiri ambiri. Nditayeza waya wamkulu wobweretsa moto ndi mita yoyezera magetsi, mitayo inalira kusonyeza kuti waya ndi wamoyo, ndipo pa swichi panali 12.4V. Munthu wodalira mita yokha akanati palibe vuto. Koma mita imatumiza kamoto kochepa kwambiri, kotero ngakhale kawaya kamodzi kokha katatsala mwa timawaya tonse, imalirabe. Waya amayezedwa atasenza katundu. Ndinalumikiza babu la nyali yakutsogolo la 55W, limene limakoka pafupifupi 4.5A, n'kuyezanso. Babu linayaka mofooka, ndipo nditasuntha chitseko mita inatsika kufika pansi pa 7V, babu n'kumaphethira.

Ndisanadule chilichonse ndinachotsa waya wa negative pa batire n'kudikira. Makampani ena amati masekondi 90, ena mphindi zitatu, ine ndimadikira zitatu nthawi zonse. Ndinayang'ananso ngati muli pulagi kapena mawaya okutidwa ndi chikasu, chizindikiro cha airbag, chithumba cha mpweya chija chimene chimafufuma pa ngozi. Galimoto iyi inalibe airbag ya m'mbali, choncho m'chitseko munalibe sensa. Koma musazolowere. Magalimoto ambiri a ku Ulaya ndi ena atsopano ali ndi sensa m'kati mwa chitseko imene imamva mpweya ukapanikizika chitseko chikagundidwa, ndipo uthenga wake umadutsa m'kachubu komweka. Mu 2022 Volkswagen inaitanitsa magalimoto a Atlas ndi Atlas Cross Sport oposa 222,000 ku America chifukwa timano ta m'pulagi ya mawaya a chitseko tinkakhulana n'kuchita dzimbiri. Zotsatira zake zinali mawindo otsika okha, buleki yoimikira kugwira yokha galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, komanso airbag ya m'mbali kuchedwa kutuluka pa ngozi. Pa galimoto yotere, nyali ya airbag ikayaka pamodzi ndi vuto la windo, yambirani pachitseko, ndipo mawaya achikasu musawabaye ndi babu loyesera kapena mita. Mukamaliza, chitseko chitsekedwe bwino m'kati monga chinalili, chifukwa sensa ya mpweya siigwira bwino ntchito m'chitseko chobooka.

Kachubu ka labala kunja kanali kokongola, kopanda ngakhale mng'alu. Chikomekome cha mkuyu. Nditakasolola n'kukakankhira mbali imodzi, fungo la kupsa linatuluka, ndipo zala zanga zinada ndi phala la tepi yosungunuka. Munali mawaya 19. Waya wamkulu wa mawindo anali ataduka kale, mosakayika mu Febuluwale muja, ndipo wokonza uja anamulumikiza ndi kachidutswa ka waya wa magetsi a m'nyumba, uja wa mtima umodzi wolimba, n'kupotokola mbali zonse ziwiri, n'kukulunga tepi, pakati penipeni pa malo opindika. Waya wa m'nyumba anapangidwa kuti agone m'khoma osasuntha moyo wake wonse. Apa ankapindidwa ka 30 pa tsiku. Mfundoyo inali itamasuka, mkuwa utada bii, ndipo windo iliyonse ikamayenda pamenepa pankatentha ngati kambaula.

Pambali pa mfundoyo panagona mawaya awiri. Wina anali wa earth, uja wolumikizidwa ku chitsulo cha galimoto, amene pulasitiki yake inali itatseguka ndipo anatsala pa timawaya titatu tokha. Winayo anali kawaya kowonda ka loko, kamene pulasitiki yake inasungunuka mbali imodzi, mkuwa uli pamtunda kutalika ngati chikhadabo. Chitseko chikamatsekeka, mtolo umafinyika, ndipo awiriwa ankakhudzana. Pa magalimoto amenewa kakompyuta koyendetsa maloko kamangodikira chinthu chimodzi: kawaya kameneka kakhudze earth. Ukadina batani la loko kapena kupotoza kiyi pachitseko, chimene umachita n'chomwecho. Kakompyutako sikangasiyanitse chala cha munthu ndi mawaya awiri osenda amene akhudzana. Kanalandira lamulo, kanakhoma. Chitetezo chimene galimotoyi ili nacho choletsa kukhomera kiyi m'kati chimagwira ntchito kiyi akakhala m'chiwongolero. Kiyi wa m'chikwama sichimamuona. Mawaya ena asanu anali ndi ming'alu yozungulira ngati mphete, mkuwa ukuonekera ukawapinda.

Ndikanatha kuimira pamenepa, koma funso linandivutabe. Zaka 16 n'zambiri ndithu, komabe ndaona magalimoto a msinkhu womwewo mawaya ake asanafike potere. Nditatsegula chitseko mpaka kumapeto ndinaona kuti chikupitirira malire, m'mphepete mwake n'kukagunda bodi ya kutsogolo, pomwe penti inali itasupuka. Kachitsulo kaja kamene kamagwira chitseko kuti chisatseguke mopitirira kanali katathyoka, kakungolendewera m'kati. Mayiwo anati kanathyoka chaka chapitacho mphepo itawalanda chitseko m'manja, ndipo sanaone ngati ndi nkhani popeza chitseko chinkatsekeka. Ndiye kuti kwa chaka chathunthu, nthawi iliyonse akatsegula, mtolo wa mawaya unkakokedwa mpaka kuuma ngati chingwe cha gitala, kenako n'kufinyidwa. Hinjesi ya pamwamba nayo inali itadyeka, chitseko chitagwa pang'ono. M'kati mwa chitseko, pepala la pulasitiki lotchinga madzi linali litang'ambidwa ndi amene anaikamo sipika yatsopano, mabowo otulutsira madzi pansi atatsekeka ndi matope, ndipo timano ta pulagi tinali titayamba kubiriwira.

Zosankha

Njira zinalipo zitatu: kulumikiza oduka okhawo, kugula mtolo wonse wakale kwa ogulitsa zida za magalimoto ophwasula, kapena kusintha gawo lonse lodutsa popindika. Mtolo watsopano unafunika kuitanitsa kunja, ndipo mtengo ndi nthawi yodikira banjali silikanakwanitsa. Ndinapita kukaona mitolo iwiri yakale. Yonse nditaipinda pamalo omwewo pulasitiki inang'aluka m'manja mwanga. Mtolo wochotsa pa galimoto ya 2007 nawonso ndi wa 2007.

Bambo a panyumbapo atabwera madzulo anafunsa funso limene kasitomala aliyense amafunsa: "Achimwene, bwanji osangolumikiza owonongekawo, enawo n'kuwasiya?" Sindinatsutsane nawo. Ndinawapatsa waya mmodzi mwa amene ankaoneka abwino kuti amupinde okha. Anang'aluka pa ulendo wachiwiri. Mawaya onsewo ndi a msinkhu umodzi, anawotchedwa ndi mfundo imodzi, anakokedwa ndi chitseko chimodzi. Ukasintha asanu ndi atatu lero, otsalawo akubweretsera galimoto mwezi wa mawa, ndipo sudziwa kuti woyamba kuduka adzakhala wa sipika kapena wa loko.

Anaperekanso ganizo lina, loti ndingodula central lock yonse, magetsi okhomera zitseko zonse pamodzi, kuti zisadzachitikenso. Ndinawamvetsa, chifukwa mantha anali asanawachoke. Koma ndinakana. Kudula loko kukanachotsa chizindikiro n'kusiya waya wotentha uja m'malo mwake, ndipo ena mwa mawaya a m'chitseko amakhala ndi moto ngakhale kiyi atachotsedwa, galimoto itagona m'mpanda usiku pafupi ndi nyumba. Komanso batani limodzi lotsegula zitseko zonse n'lofunika pa tsiku la ngozi, pamene mayi ali yekha ndi ana atatu. Chimodzimodzi windo: galimoto ikagwera m'madzi kapena chitseko chikaphwanyika, potulukira pamakhala pawindo.

Ndinayamba ndi zachitsulo. Tinaika kachitsulo kena kogwira chitseko, n'kukonza hinjesi, chifukwa kuika mawaya atsopano pachitseko chopitirira malire n'kuthira madzi m'dengu. Kenako ndinasintha mawaya onse 19, mmodzimmodzi, kudula mmodzi n'kumumaliza ndisanakhudze wina, popeza mitundu ya mawaya atsopano sinafanane ndi akale ndipo awiri akasinthana ukhoza kuwotcha kakompyuta. Ndinagwiritsa ntchito waya wa galimoto wa timawaya tambiri tosalala, wonenepa mofanana ndi wakale. Mfundo zonse ndinazichotsa popindika: mbali ina zili m'kati mwa chitseko, mbali ina kuseri kwa panelo ya kumapazi, kutalika kwa chikhatho kuchokera pakachubu, ndipo ndinazisiyanitsa kuti zisaunjikane malo amodzi. Ndinalumikiza pofinya ndi crimp, kachitsulo kopana nsonga ziwiri za waya, n'kuvala heat shrink ya guluu m'kati, kachubu kamene kamathina ukakatenthetsa. Ndikudziwa kuti anzanga ambiri amakonda solder, mtovu wosungunula womatira mawaya, ndipo pamalo osasuntha ilibe vuto. Koma solder imayenderera m'timawaya n'kuumitsa waya, ndipo pomwe pathera kuumako m'pomwe amadzadukira. M'kachubu momwemo sindinakulunge tepi yothina. Mawaya amafunika kutsetsereka pa okhaokha chitseko chikamayenda, ndipo ndinawasiyira mpata pang'ono kuti chitseko chikatseguka kwathunthu asakokeke.

Timano togwira fyuzi tinali titasintha mtundu ndi kutentha, choncho tinasintha, n'kubwezera fyuzi ya 20A. Tinatsuka pulagi, tinamata pepala latsopano lotchinga madzi, tinatsegula mabowo a pansi pa chitseko, ndipo tinaika galasi lina m'malo mwa losweka.

Kuyesa kunatenga nthawi yaitali kuposa mmene anyamata anga ankafunira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinatsegula ndi kutseka chitseko ka 50, windo ikukwera ndi kutsika, wina akuyang'ana maloko. Ndinayeza moto wotayika pa waya wamkulu mota ikugwira ntchito, ndipo sunafike theka la volt. Popeza batire linachotsedwa, windo ya dalaivala inali itaiwala malire ake, ndiye ndinaiphunzitsanso potsitsa mpaka pansi, kukweza mpaka pamwamba, n'kugwirabe batani kwa masekondi angapo. Izi anthu amazidumpha, koma popanda zimenezi pa magalimoto ambiri windo yokwera yokha siigwira ntchito, ndipo chitetezo chake chobwerera ikapana chinthu sichidalirika. Ndinayesa ndi thaulo lopindidwa, osati dzanja, ndipo inabwerera. Tinayenda nayo pamsewu wafumbi wa mabampu, maloko ali chete. Usiku ndinaisiya mita ili pa batire, ndipo moto wotuluka galimoto itagona unali pansi pa 50mA. Banjali linalipira zipangizo ndi galasi. Ya ntchito sindinalandire, chifukwa ntchito imeneyi ndinayenera kuigwira mu Ogasiti.

Zimene zinatsatira

Ndinawapempha kuti abwerenso mvula ikatha, ndipo anabwera mu Epulo. Ndinasolola kachubu, mawaya anali ouma, osatentha, osakhulika. Fyuzi inali yomwe ija. Tsiku lomwelo ndinatsegula kachubu ka chitseko cha kumanzere, kumene kumakhala mwana wawo wamkulu popita kusukulu, ndipo ndinapeza mawaya awiri atayamba ming'alu ya mphete ngakhale kuti panalibe dandaulo lililonse. Tinawasintha.

Pagalaja panga zinthu zingapo zinasintha kuyambira Lolemba lija. Galimoto ikabwera ndi vuto la windo, loko, galasi loonera kumbuyo kapena sipika ya pachitseko, funso loyamba kwa mwini wake ndi lakuti, kodi zimasintha mukasuntha chitseko? Yankho lake limalembedwa pakhadi m'mawu ake omwe, kuti wogwira ntchito asalikhotetse monga ndinachitira ine. Palibe swichi kapena mota imene imagulidwa tisanayendetse chitseko windo ikugwira ntchito, tisanafanizire fyuzi iliyonse ndi nambala ya pachivundikiro, ndiponso tisanasolole kachubu n'kuona ndi maso. Madandaulo awiri kapena atatu osiyana pachitseko chimodzi timawatenga ngati vuto limodzi mpaka titatsimikiza kuti si choncho. Ndipo tikapeza fyuzi yokulungidwa, galimotoyo siituluka tisanapeze chimene chinapsereza yoyambayo, ngakhale mwini wake atabwerera nkhani ina.

Mayiwo anadulitsa kiyi wina wachitsulo amene amakhala pa chingwe m'khosi mwawo. Anandiuza kuti mpaka pano satseka chitseko cha dalaivala mwana ali m'kati iwo ali kunja, ngakhale akudziwa kuti mawaya ndi atsopano, ndipo ine sindinawaletse. Chatsala ndi chitseko chakumbuyo chonyamulira katundu, chimene amachitsegula pa golosale iliyonse potsitsa makeke. Wayipa yake yayamba kuima pakati pa galasi akachitseka mwamphamvu, ndipo tapangana kuti abwere nayo Loweruka la kumapeto kwa mwezi.